NGONGOLE TIBWEZA, KOMA MAFONI ATHU SI CHIKOLE



Uthenga wa lerowu ndi wautali pang'ono, koma werengani mpaka pansi. Nkhaniyi ikukhudza aliyense amene nambala yake ili mufoni ya munthu wina, ndiye kuti tonsefe.

Mmodzi wa ife, mnyamata amene tinalandira naye digiri tsiku limodzi, anaitanidwa ku intavyu ku Lilongwe atatha zaka ziwiri akuponya makalata osayankhidwa. Iye amakhala ku Blantyre kwa achemwali ake. Panafunika thiransipoti yopita ndi yobwerera, mafotokope, kogona usiku umodzi. M'thumba munalibe kanthu. Pa gulupu ina ya WhatsApp anaona link yolonjeza ngongole ya pompopompo, yopanda chikole, yopanda mafomu. Anatsitsa app ija. Inamuuza kuti ajambule chiphaso chake cha unzika kutsogolo ndi kumbuyo, adzijambulenso nkhope. Kenako panabwera timafunso tija tofuna chilolezo. Anadina Allow, Allow, Allow, ngati mmene tonsefe timachitira tikakhala pa changu.

Anapempha K40,000. Mufoni munalowa K34,000, akuti inayo ndi yoyendetsera zinthu. Anauzidwa kuti pakatha masiku 14 abweze K52,000.

Ntchito ija sanamutenge. Tsiku lobweza litakwana, anawapempha kuti amudikire sabata imodzi. Mmalo momuyankha iyeyo, anayamba kutumiza mauthenga kwa anthu a mufoni mwake. Mayi ake kumudzi analandira. Abusa a kumpingo kwawo analandira. Mphunzitsi wake wa ku koleji, amene amamulemba pa CV ngati womuchitira umboni, analandira. Ngakhale nambala ija inamuimbira kumuitanira ku intavyu inalandira. Uthenga wake unali chithunzi cha chiphaso chake, pamwamba atalembapo mawu akuti WAKUBA.

Mayi ake anamuimbira akulira. "Mwanawe, waba chiyani kutauniko? Anthu akundifunsa kumsika kuno." Iye anangoti, "Amayi, sindinabe, ndinangokongola ya thiransipoti." Mayiwo anagulitsa mbuzi, ngongole inabwezedwa yonse. Koma chithunzi chija chidakali m'mafoni a anthu mpaka lero, ndipo mnzathuyo sakudziwa kuti akamaponya kalata ya ntchito, amene akuiwerengayo anachiona kapena ayi.

Dzina lake silofunika. Ambiri a inu mukuwerenga uku mukuganiza za munthu wina amene zinamuchitikira zomwezi. Ena zinakuchitikirani inuyo, simunauze munthu.

*Maganizo athu ndi awa*

Ngongole ndi pangano la anthu awiri, wokongola ndi wokongoza. Wokongoza ali ndi ufulu wonse wofuna ndalama zake, ndipo ife sitikuuza munthu aliyense kuti athawe ngongole. Amene wakongola abweze. Koma chimene wokongoza akuyenera kulandira ndi ndalama basi. Manambala a abale athu, zithunzi zathu, mauthenga athu, chiphaso chathu ndi mbiri yathu sizili m'panganomo. Amene akutenga zimenezi n'kumazigwiritsa ntchito poopseza kapena kuyalutsa munthu wachoka pa nkhani ya ngongole, wayamba mlandu wakewake, ndipo ayankhe mlanduwo.

*Mmene amatigwirira*

Tikamati data muuthenga uno sitikunena bandulo ayi. Tikunena chilichonse chimene chimalozera kwa iweyo monga munthu: dzina, nambala ya foni, nambala ya chiphaso, nkhope, kumene umakhala, kumene umagwira ntchito, ndalama zimene umalandira ndi anthu amene umalankhula nawo.

App ikapempha chilolezo cha contacts n'kupatsidwa, imatha kukopera manambala onse a mufoni n'kuwatumiza ku kompyuta za eni ake nthawi yomweyo. Ikapatsidwa chilolezo cha SMS, imawerenga mauthenga a ndalama zimene zalowa ndi kutuluka pa foni yako, ndiye amadziwa tsiku limene wina wakutumizira kangachepe. Ikapatsidwa cha call log, amadziwa amene umawaimbira pafupipafupi, ndipo amenewo ndi amene amayambira kuwavutitsa chifukwa akudziwa kuti ndi amene ungachite nawo manyazi kwambiri. Ikapatsidwa cha zithunzi, chilichonse chimene unajambula chili m'manja mwawo. Ukadzaichotsa app ija mufoni, zimene anakopera kale zija sizichoka kwa iwo.

Nde mukaona akulemba kuti ngongole yopanda chikole, dziwani kuti chikole chilipo. Chikolecho ndi manyazi ako. Munthu wopanda nyumba, wopanda galimoto, wopanda payslip, chimene watsala nacho ndi dzina lake pakati pa abale, kumpingo, kumzikiti ndi kwa amene angadzamulembe ntchito. Iwo anaona kuti chimenecho n'chokwanira.

Taonaninso masamu ake. Mnzathu uja analandira K34,000 n'kubweza K52,000. Phindu lawo ndi K18,000 pa masabata awiri okha, kuposa theka la ndalama imene anagwira m'manja. Wobwereketsa wotereyu amadziwiratu kuti ambiri alephera kubweza pa tsiku lake. Safufuza ngati ungakwanitse, chifukwa akudalira mantha a mayi ako ndi amalume ako kuti ndi amene adzabweze.

Ndipo tisanamizane kuti vutoli ndi la ma app okha. Akatapila a m'makwalala mwathumu anayamba kalekale. Amasunga khadi ya ATM ya mphunzitsi pamodzi ndi PIN yake, mwezi ukatha n'kukatapa okha. Amasunga ziphaso za unzika za anthu mu drawer ngati makadi a bawo. Ena amalandira satifiketi ya sukulu ngati chikole. Ukachedwa masiku atatu, nkhope yako ili pa status, mawa lake ili pa Facebook ndi mawu akuti amene akumudziwa uyu amuuze. Ena amafika kuntchito n'kukakuwa pa geti kuti abwana amve. Foni yangochititsa kuti chipongwe chimene kale chinkathera pa mpopi wa madzi chizifika kwa anthu mahandiredi pa mphindi imodzi.

Chiphaso chimenechi musachione mopepuka. Chiyambireni kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, nambala imeneyi ndi imene timalembetsera SIM kadi, kutsegulira akaunti ku banki, kulembetsera mavoti. Chithunzi cha chiphaso chako chikamayenda m'magulupu, wina akhoza kuchigwiritsa ntchito kukongolera kwina m'dzina lako kapena kubera anthu. Ngongole ya K40,000 ikhoza kukubalira milandu imene sukuidziwa n'komwe.

*Lamulo lilipo kale*

Ena amaganiza kuti tikupempha chifundo. Ayi, tikunena za malamulo amene alipo kale m'dziko muno.

Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake, ndipo limatchula zoti munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa komanso asalowereredwe pa mauthenga ake, kuphatikizapo a pa lamya. Gawo 19 limanena kuti ulemu wa munthu sungaphwanyidwe, ndipo gawo lomwelo limaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa chongolephera kukwaniritsa pangano. Choncho wina akakutumizira uthenga woti apolisi akubwera kudzakumanga chifukwa wachedwa kubweza, akukuopseza chabe. Kulephera kubweza ngongole ndi nkhani yokambirana kapena yokasumirana kukhoti. Kutenga ndalama mwachinyengo ndi nkhani ina, imeneyo ndi mlandu ndithu, koma kusowa ndalama pa tsiku lobweza si chinyengo.

Mu 2024 dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito lamulo la Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woona kuti likutsatidwa. Mfundo zake n'zosavuta kumva. Amene akutenga data ya munthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka. Atenge yokhayo imene ikufunika pa ntchitoyo. Aigwiritse ntchito pa cholinga chokhacho chimene ananena poitenga. Aisunge mosamala. Mwini wake ali ndi ufulu wofunsa kuti mukusunga chiyani chokhudza ine, wouza kuti zolakwika zikonzedwe, wopempha kuti zifufutidwe ndiponso wokadandaula.

Tsono tiyeni tiike nkhani ya mnzathu uja pa mfundo zimenezi. Kuti munthu abwereke K40,000, manambala onse a mufoni mwake akufunikira chiyani? Chiphaso chinaperekedwa kuti adziwe amene akumubwereka, nanga chinakhala bwanji chikwangwani cholembapo WAKUBA? Ndipo funso lalikulu ndi ili: mayi ake aja anadina Allow liti? Abusa aja anasaina pati? Olo titavomereza kuti mnzathuyo analola, iye alibe mphamvu yoperekera chilolezo m'malo mwa anthu onse amene ali mufoni mwake. Nambala ya mayi ake ndi ya mayi ake. Iwo sanakongole kanthu, koma ndi amene anagulitsa mbuzi.

Palinso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kusowetsa munthu mtendere pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta. Lamulo limeneli tonse timalidziwa bwino, chifukwa taona anthu akumangidwa nalo kaamba ka zimene analemba pa WhatsApp kapena pa Facebook zokhudza akuluakulu. Pamenepo apolisi sachedwa, galimoto imapezeka, mafuta amapezeka. Ife tikufunsa kuti changu chomwecho chili kuti pamene wozunzidwayo ndi mtsikana wogulitsa kaunjika amene chithunzi chake chamwazidwa ndi katapila? Lamulo limodzi lisakhale ndi mano kwa bwana n'kukhala chibwano chokha kwa mwana wa mphawi.

Komanso bizinesi yobwereketsa ndalama ili ndi mwini wake woiyang'anira. Pansi pa malamulo a Financial Services Act ndi Microfinance Act, onse a 2010, mabungwe obwereketsa amayenera kulembetsa kapena kutenga chiphaso kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Wobwereketsa amene alibe ofesi, alibe chiphaso, amangosintha manambala a foni, mukudziwa kale chifukwa chake amakonda kuopseza kusiyana n'kupita kukhoti. Kukhoti akafunsidwa mafunso amene sangawayankhe.

*Anzathu kwina anachitapo kanthu*

Mchitidwewu sunayambire kuno. Ku Kenya ma app obwereketsa anavutitsa anthu chimodzimodzi mpaka boma linasintha lamulo mu 2021 kuti akhale pansi pa banki yaikulu ya dzikolo. Malamulo amene anatuluka mu 2022 analetsa poyera kulowa mu contacts za wokongola pofuna kutumizira anthu ake mauthenga a ngongole, analetsanso kuika zinthu za munthu pa intaneti pofuna kumuchititsa manyazi. Mu 2023 ofesi yoteteza data ya ku Kenya inalipiritsa kampani ina yobwereketsa pa foni mashilingi 5 miliyoni anthu atadandaula. Ku India banki yaikulu inalamula mu 2022 kuti ma app a ngongole asamalowe mu contacts, mu call log ndi m'mafayilo a mufoni. Nayo kampani ya Google, kuyambira pa 31 May 2023, inaletsa ma app obwereketsa ndalama a pa Play Store kupempha chilolezo cha contacts ndi zithunzi.

Mfundo yomalizayi muisunge. App ya ngongole imene ikubwera ngati link pa WhatsApp, yokuuza kuti uitsitse pambali osadzera pa Play Store, kenako n'kumapempha contacts, ikuzemba lamulo limenelo mwadala. Ukangoona zimenezo, wadziwa kale amene ukuchita naye.

Ngati a ku Kenya anakwanitsa kulemba malamulo omveka n'kulipiritsa ophwanya, palibe chimene chingatilepheretse ife. Lamulo lathu lilipo, chimene tikudikira ndi kuliona likuluma munthu.

*Kwa amene mukuti "angobweza basi"*

Tikudziwa kuti ena mwa inu mukuti, ukafuna kupewa manyazi usakongole, ukakongola bweza. Tikumva, ndipo mbali ina mukunena zoona. Alipo anthu amene amakongola alibe n'cholinga chobweza chomwe. Amatenga ndalama za amayi a banki mkhonde, amayi amene amasonkha pang'onopang'ono kuchokera pa mandasi ndi tomato, kenako n'kuthimitsa foni. Alipo anzathu amene tinawabwereka ya lendi, lero akationa amakhotera njira ina. Zimenezi zimapweteka, ndipo munthu wotere sitikumuikira kumbuyo.

Koma njira zofunira ndalama zako zilipo. Mulemberane pangano pobwereketsa, pakhale mboni. Ngati pakufunika womuimira, akhale munthu amene wavomera yekha n'kusaina, ndipo ameneyo yekha ndi amene angafunsidwe. Mugwirizane chikole chenicheni chimene nonse mwachiona. Akachedwa, mulembereni kalata, mukambirane kabwezedwe kapang'onopang'ono. Zikakanika, khoti la majisitireti lilipo. Kwa mabungwe ovomerezeka kuli ma credit reference bureau, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2010, kumene mbiri ya wosabweza imasungidwa mwa dongosolo n'kuonedwa ndi oyenera okha. Njira zimenezi n'zochedwa, inde, koma zimapatsa mpata wokongolayo kuti anene mbali yake. Pa status palibe amene amafunsa ngati ndalamayo ndi yoona, ngati chiwongoladzanja chake munagwirizana, kapena ngati munthuyo wabweza kale theka.

Ndipo kuyalutsa kumapha chinthu chomwecho chimene chikanabweza ngongoleyo. Ukamuipitsira munthu mbiri kwa amene akanamulemba ntchito, ukamuthawitsira makasitomala, ndalama yako aitenga kuti?

Tikumbukirenso chimene chikutikankhira kwa akatapila. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mitengo ya ufa, sopo, lendi ndi minibasi tonse tikuidziwa. Ku banki amafuna payslip kapena chikole, zinthu zimene wachinyamata wosagwira ntchito alibe. Achinyamata ambiri amene timawadziwa sakongolera zamanyado. Amakongolera mankhwala a mwana, fizi ya mng'ono wawo, mpamba wa geni, thiransipoti yokafunira ntchito. Dziko limene lalephera kumupatsa ntchito mnyamata lisaonererenso pamene wina akumulanda dzina lake.

Pali chinanso chimene sitingachilumphe. Apolisi akamapereka malipoti a anthu odzipha m'dziko muno, ngongole imatchulidwa kawirikawiri pakati pa zifukwa zake. Munthu amatha kupirira kusowa ndalama, koma akadzuka n'kupeza kuti mpingo wonse, apongozi ndi anzake a kusukulu amuona atalembedwa WAKUBA, ena amaona ngati njira yatha. Amene amatumiza mauthenga amenewa adziwe kuti akuseweretsa moyo wa munthu.

*Ifenso tili ndi mbali yathu*

Apa tsono tidziyang'ane tokha. Katapila akaika chithunzi cha munthu pa status, amene amachijambula n'kuchiponya pa gulupu ndani? Amene amaika tizithunzi toseka pansi pake ndani? Amene amalemba kuti "aise tamuonani uyu, mesa amadzimva" ndani? Ndife. Chida cha katapila chimagwira ntchito chifukwa ife timachinyamula ulele. Patakhala kuti palibe wotumiza, palibe woseka, chithunzicho chikanangofera mufoni mwake.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene ukumuseka lero ndi amene nambala yako ili mufoni mwake, ndipo mawa uthenga ukubwera kwa iweyo kuti ubweze ngongole imene sunaione.

Choncho kuyambira lero, m'magulupu onse a gulu lathu, chithunzi, chiphaso kapena nambala ya munthu yoikidwa pofuna kumuyalutsa pa ngongole ichotsedwe nthawi yomweyo. Ma admin mwamva. Woika achenjezedwe kamodzi, akabwereza atuluke. Lamuloli likugwiranso ntchito ngakhale wokongozayo ndi mmodzi wa ife ndipo ndalama yake ndi yoona. Tithandizana kuifuna m'njira zina.

*Zimene tikufuna kwa adindo*

1. A MACRA atiuze poyera, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, pa wailesi ndi pa foni, kumene munthu angakadandaule data yake ikagwiritsidwa ntchito molakwika, ndiponso masiku amene adikire kuti ayankhidwe. Njirayo ikhale yaulele, yotheka pa foni ya mabatani.

2. A Reserve Bank atulutse lamulo lomveka la katoleredwe ka ngongole: wobwereketsa asalankhule ndi munthu wina aliyense kupatula wokongola ndi womuimira amene anasaina, asaike munthu pa intaneti, asasunge khadi ya ATM, PIN kapena chiphaso cha unzika, asaimbe foni usiku. Wophwanya alandidwe chiphaso.

3. Mndandanda wa obwereketsa ovomerezeka uzifalitsidwa pafupipafupi mmene wachinyamata wa ku Mchesi angaupezere mosavuta, kuti tizidziwa amene ali pansi pa lamulo ndi amene akubisala.

4. Wobwereketsa aliyense azionetsa ndalama yonse yobweza m'makwacha munthu asanavomere, kuphatikizapo zodula zonse ndi chilango cha kuchedwa.

5. Apolisi alandire madandaulo a anthu oopsezedwa ndi oyalutsidwa pa ngongole ngati milandu yeniyeni. Mawu akuti "kabwezeni kaye ndalama za eni" si yankho. Ngongole ndi nkhani ina, kuopseza ndi nkhani ina.

6. Makampani a mafoni, amene njira zawo zotumizira ndalama ndi zimene obwereketsawa amadutsiramo, atseke manambala amene apezeka kuti akugwiritsidwa ntchito poopseza anthu.

7. Aphungu athu afunse m'Nyumba ya Malamulo kuti chiyambireni lamulo la 2024, madandaulo angati alandiridwa ndipo angati aweruzidwa. Yankho lake tilimve tonse.

*Zimene ungachite iweyo lero*

Nkhanga zinapangana kusanapse. Usanakongole, funsa dzina lenileni la kampani, kumene kuli ofesi yawo ndi chiphaso chawo. Funsa ndalama imene ulandire m'manja ndi imene ubweze yonse, uzilembe. App ikapempha contacts, SMS, call log kapena zithunzi, kana. Ikakana kugwira ntchito popanda zimenezo, ichotse. PIN yako usapatse munthu, olo akhale wa kumpingo kwanu. Chiphaso chenicheni usasiye kwa munthu. Ukamapereka fotokope yake, lembapo ndi cholembera tsiku ndi cholinga chimene waiperekera. Ndipo usalembe dzina la m'bale wako ngati wokuimira usanamupemphe.

Ngati uli nayo kale app yotere, lowa mu Settings, pita pa Apps, isankhe, tsegula Permissions, uchotse zilolezo zonse zosafunika.

Ngati ayamba kale kukuopseza, usafufute kanthu. Jambula ma screenshot a mauthenga onse pooneka nambala, tsiku ndi nthawi. Pempha abale amene alandira mauthenga akutumizire nawonso. Sunga umboni wa ndalama iliyonse imene wabweza. Alembere obwereketsawo uthenga umodzi waulemu: ngongole ndikuivomera, ndibweza mwakutimwakuti, lekani kulankhula ndi anthu ena za ine, ndipo mufufute manambala amene munatenga mufoni mwanga. Kenako kadandaule ku MACRA pa nkhani ya data, ku Reserve Bank pa khalidwe la wobwereketsa, ku Competition and Fair Trading Commission pa malonda achinyengo, ndi kupolisi ngati pali kuopseza. Wofuna thandizo la zamalamulo koma alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Usakongole kwina kuti utseke ngongole yoyamba. Dzenje limangokula.

Ndipo chofunika kwambiri, awuze abale ako wekha iwo asanawauze. Tikudziwa kuti n'zovuta kuimba foni n'kunena kuti amayi, ndili ndi ngongole, mwina mulandira uthenga wonyoza. Koma ukatero wawalanda chida chawo, chifukwa mphamvu yawo yonse ili pa chinsinsi chimene ukuopa kuti chiululika.

Ngati ndiwe amene walandira uthenga wonena za ngongole ya munthu wina, usautumize kwa aliyense. Ayankhe kamodzi kuti sunakongole, sunaimire munthu, ndipo achotse nambala yako. Sunga screenshot, chifukwa nawenso uli ndi ufulu wodandaula. Ukatero muimbire mnzakoyo. Osamufunsa kuti wachita chiyani, mufunse kuti ali bwanji.

Kwa iwe amene ukuwerenga uthengawu uli m'kati mwa zimenezi, foni ikungolira, tulo sukupeza: ngongole imatha, anthu amaiwala, ndipo ambiri amene ukuganiza kuti akukuseka nawonso ali ndi zawo. Usakhale wekha m'chipinda ndi maganizo. Lankhula ndi m'bale, mnzako, abusa, shehe kapena achipatala lero lomwe. Ukhozanso kulembera admin wa gulupu ya dera lako, ndipo zimene unene zithera pomwepo.

*Chotsatira*

Tikusonkhanitsa umboni kuti tikapereke dandaulo limodzi la tonse kwa a MACRA ndi a Reserve Bank. Amene zinakuchitikirani ndipo mukufuna kutenga nawo mbali, tumizani ma screenshot kwa admin wa dera lanu ku inbox, osati pa gulupu. Musanatumize, phimbani mayina, nkhope ndi manambala a abale anu. Ifenso tikulonjeza zomwe tikufuna kwa enawo: titenga zokhazo zofunika pa dandauloli, sitipatsa munthu wina popanda chilolezo chanu, ndipo mukasintha maganizo n'kutiuza kuti tifufute, tifufuta.

Mnzathu uja ndi amene wayamba kupereka umboni wake. Akuti mbuzi ya mayi ake adzaibweza akapeza ntchito, koma sakufuna kuti mayi a munthu wina adzalirenso pa msika chifukwa cha K40,000.

Tumizani uthengawu ku magulupu a m'dera lanu, a kusukulu, a kumpingo ndi a kubanja. Amene ali ndi makolo osatha kuwerenga pa foni, awawerengere.

Ndife anzanu,
Komiti yofalitsa mauthenga